Chitini cha eko ndi sola ya alamu anga

Pambali pa kapasita, kachipangizo kosunga magetsi kamene kamapezeka m'mawailesi, pamalembedwa manambala awiri. Nambala ina imanena kukula kwa mimba yake, kuti amasunga magetsi ochuluka bwanji. Inayo, yothera ndi chilembo cha V, imanena malire: mavolti amene kapasitayo angapirire asanaphulike. Sinena mphamvu imene amatulutsa, ndipo sinena kuti nyimbo zimveka mokweza bwanji. Zimenezi ndinawafotokozera alamu anga, achimwene ake a malemu mkazi wanga, pafoni ndi pamaso pomwe. Ankagwedeza mutu ngati amva, kenako nkukachita zawo.

Chitinicho chinali cha mkazi wanga. Poyamba chinali cha maswiti, chobiriwira, chosaposa chikhatho changa kutalika, ndipo ankasungamo masingano, ulusi ndi mabatani. Iye ankatsogolera kwaya ya mpingo wa kwawo, kufupi ndi Kasinje. Tinkakhala pa boma, pomwe ndimagwira ntchito ya zamagetsi, koma kumapeto kwa sabata kawirikawiri ankatsikira kuchigwa kukaphunzitsa nyimbo. Tsiku lina tinapita ku ukwati wa mnzanga wa kukoleji, komwe mawu a woimba ankabwerera kawiri katatu m'sipika. Pobwerera, tili m'minibasi, anandigogoda bondo.

"Chobwereza mawu chija simungapange inu? Kapena kukoleji munkangophunzira kusintha mababu?"

Ndinapanga. Kachipangizo kochita ekoko anandigulira mnzanga ku Lilongwe, zina zonse ndinatola m'mawailesi akufa. Nditafuna bokosi loikamo, mkazi wanga anakhuthulira masingano ake m'mbale nkundipatsa chitini. Ndinaboola malo a maikolofoni, malo opita ku sipika, kabowo ka chaja ya kunyumba, ndi malo a kabatani kopotokola kochedwetsa kapena kufulumizitsa eko. Chinkayendera kabatire ka mavolti 9, kamakona anayi kaja. Lamulo limene tinaphunzira ndi lakuti kapasita azipirira mavolti oposa amene akumana nawo, kuwirikiza kawiri ngati nkotheka, apo ayi kamodzi ndi theka. Pa 9, makapasita a 16 ndi okwanira, ndipo ndi aang'ono ngati njere za nyemba, oyenera chitini chopanikizika chonchija. Ndinasankha bwino. Mpaka lero ndikunenabe kuti ndinasankha bwino.

Kabatireko kankagwedera m'chitini mkazi wanga akamayenda. Iye anadula kansalu pa chitenje chake chakale, chachikasu, nkukulunga batirelo, nkusokerera m'mbali kuti kakhale ngati kathumba. Atapeza pomwe eko imamukomera, anadontheza kadontho ka utoto wa zikhadabo pambali pa kabatani. Ankachinyamula yekha m'chikwama, ankachilumikiza yekha, akamaliza nkumasula waya wa batire yekha. Nthawi yonse imene chinali m'manja mwake sichinavutepo.

Anamwalira m'dzinja, atadwala nthawi yochepa. Tinakamuika kwawo. Chitini chinatsala kunyumba kwa apongozi anga, mayi ake, pamodzi ndi zovala zake za kwaya, ndipo ine sindinafunse za icho.

Mpunga utakololedwa, abale anagwirizana zomanga chiliza mvula isanabwerenso. Akwaya anati pa tsiku lovundukula chilizacho adzaimba nyimbo imene iye ankaikonda kutsogolera, ndipo adzaimbira m'chitini chake. Woyang'anira zida zonse za mpingowo ndi alamu anga, chifukwa sola, batire ndi sipika ndi zawo. Anthu kumeneko amawatcha injiniya. Ndi mlimi wabwino wa mpunga, munthu wamtima wabwino, amene ananyamula bokosi la mlongo wake osalola kulandiridwa. Koma chikhulupiriro chawo pa zamagetsi ndi chimodzi: chimene chalowa pabowo ndiye chake.

Foni yoyamba inandipeza ndili pa makwerero kuntchito.

"Alamu, chitini chija chatsokomola."

"Chatsokomola bwanji?"

"Changoti phu, kautsi pang'ono, kenako zii. Fungo lake ngati usipa wovunda."

"Munalumikiza chiyani?"

"Magetsi."

"Magetsi ake ati, alamu?"

"Mabatire aang'ono aja kuno sapezeka, ndiye tinabwereka chaja ya laputopu kwa aphunzitsi. Inalowa bwinobwino, ngati anapangira pomwepo."

"Pachajapo palembedwa chiyani?"

Ndinamva akuitana munthu, chitseko chikulira, nkhuku. "Palembedwa 19."

"Nanga ine pachitini ndinalemba chiyani?"

"9. Ndiye mwaona, kusiyana kwake ndi kandodo kokha kakutsogoloko."

Ndinatsika pa makwerero kuti ndisagwe.

Anachitumiza ndi kondakitala wa minibasi, chokulungidwa m'jumbo ya shuga. Ndinachisiya patebulo osachitsegula mpaka Loweruka. Nditachitsegula ndinapeza makapasita awiri a pakhomo, pomwe magetsi amalowera, atang'ambika pamutu, zamkati zitamwazika ngati thonje lonyowa. Zina zonse zinali zamoyo. Kachipangizo ka eko kamadya mavolti 5 okha, ndipo patsogolo pake pali kena kamiyendo itatu kotsitsa magetsi, kamene kamapirira zambiri. Ovutika ndi a pakhomo, amene amalandira chilichonse chimene mlendo wabweretsa. Kathumba kachikasu kanali pomwepo pakona, katadontheredwa pang'ono. Ndinakapukuta ndi kansalu konyowa.

Za mabatire alamu ankanena zoona, kumudziko sapezeka. Ndiye ndinavomera kuti azigwiritsa batire yawo ya sola. Batire imeneyo amati ndi ya 12, koma ikakhuta imafika cha m'ma 14, ndipo pamenepo kapasita wa 16 watsala ndi kampata kochepa. Oyenera anali a 25. Ndinali nawo, ndinawayesa, koma chivundikiro sichinkatsekeka pokhapokha nditachotsa kathumba nkugoneka makapasitawo m'malo mwake. Ndinawabwezera m'kabati. Ndinaika a 16 atsopano, ndinakonza waya wokhala ndi timano tiwiri toluma pa batire, kofiira ndi kakuda, ndipo pachivundikiro ndinalemba ndi utoto kuti BATIRE YOKHA. Pafoni ndinabwereza mawu omwewo pang'onopang'ono, ngati ndikuphunzitsa katekisimu.

"Batire yokha, alamu. Osati chaja. Osati china chilichonse."

"Tamva, aphunzitsi. Mwaikamo amphamvu tsopano?"

"Ndaikamo oyenera."

Nthawi yomanga chiliza itakwana ndinapempha tchuthi nkutsikira kumudzi. Kunali kotentha monga kumatenthera kuchigwa mwezi wa Okutobala, kotiwe wobadwira kumapiri umangomva mutu kulemera. Tinali kumanda ndi amisiri kuyambira m'mawa, ine ndikutunga madzi ndi kusakaniza simenti, chifukwa kuima chabe sindikanatha. Dzuwa lili paliwombo tinamva akwaya ayamba kuyeserera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya apongozi. Mayi wina, amene analowa m'malo mwa mkazi wanga potsogolera kwaya, anayamba mzere woyamba, ndipo mawu ake anabwerera m'sipika ndi kuchedwa komwe kuja, kwa pa kadontho. Ndinaima ndi fosholo m'manja. Sindinali nditamva ekoyo chimwalirire mwini wake.

Sanafike ndi pakolasi pomwe. Kunamveka phu, kenako mawu a amayi opanda sipika, kenako kuseka.

Ndinayenda, sindinathamange. Ndinapeza alamu atagwada, akuuzira mpweya m'chitini ngati akukoleza moto. Timano tanga tiwiri tinali titaluma mawaya ochokera pa sola imene anaitsamiritsa pa mpando, itayang'ana dzuwa. Batire inali poteropo, ikudyetsa sipika ndi mafoni a theka la mudzi.

"Alamu, ndinati chiyani?"

"Munati batire. Koma batire yatopa ndi mafoniwa, ndiye ndinati chitini chimwe pachitsime penipeni. Si sola yomweyi imadzaza batire? Ndipo onani kumbuyoku, palembedwa 12. Ndawerenga ulendo uno."

Ndinatulutsa mita yoyezera magetsi m'chikwama, ndinaigunditsa pa mawaya a sola, nkuwaonetsa. Inawerenga 21.

"Sola ikakhala yokha padzuwa ngati ili, popanda batire yoikhazika pansi, imakwera chonchi. 12 ameneyo ndi dzina chabe."

Anayang'ana mita, anayang'ana kumbuyo kwa sola, anayang'ananso mita. "Ndiye wabodza ndani pamenepa, azungu anapanga solayi kapena kawotchi kanuka?"

Amayi a kwaya anaseka. Wina anati, "Musawakwiyitse alamu anu, a injiniya, angatilande chitini." Ine ndinatseka chivundikiro, chikadali chofunda, ndinakulunga waya mozungulira dzanja langa bwinobwino, nkupita kukakhala pakhonde. Ndikanayankhula pamenepo ndikananena zinthu zosayenera kunenedwa pamudzi pomwe pali manda atsopano. Chimene chinkandiwawa sichinali makapasita, amenewo ndi tinthu totolatola. Chinali chakuti munthu mmodzi yekha padziko ankawerenga zimene ndalemba pachitinicho nkuzitsata, ndipo tinali kumumangira chiliza.

Apongozi anabwera ndi thobwa m'kapu, anaiika pafupi nane, nkukakhala pamphasa chapatali pang'ono, atayang'ana kumbali monga amachitira nthawi zonse akamayankhula nane.

"Bambo, pepani ndi mlamu wanuyu. Anabadwa choncho. Ali mwana anathira palafini mu wailesi ya bambo ake kuti iziyankhula msanga."

Ndinati palibe kanthu, mayi.

"Pali mawu amene amalume ake a malemu adzanene tsiku la chiliza, koma ndati ndikutsineni khutu, musadzadzidzimuke pagulu. Tagwirizana kuti tikusudzuleni tsiku lomwelo. Mwalira nafe mokwanira. Mukadali mwana, simungakhale womangika ndi ife mpaka kale."

Mwambowo ndinkaudziwa, ndipo ndinkadziwa kuti udzafika. Abale a malemu amakumasula, amati pita, ukapeza banja lina ife tilibe nawe mlandu. Ndinayang'ana thobwa.

"Tsono za kachitiniko," anapitiriza. "Ndi kanu, munapanga ndinu. Mukafuna kukatenga, palibe angakuletseni. Koma amayiwa akakamva amati mwana wanga akadali nawo pamzere. Mukakasiya, mukasiye koti kangakhale ndi anthu ngati ifeyo. Inu simudzakhalapo Lamulungu lililonse kulondera mawaya."

M'mawa mwake ndinakwera njinga ya kabaza kupita ku Sharpevale, chitini chili m'chikwama. M'njira ndinkawerengera zinthu zimene zingalowe pa timano tija kapena pakabowo kaja m'mudzi umenewo. Batire ya sola, 14. Chaja ya aphunzitsi, 19. Sola yokha masana, 21, mwina kuposerapo kukazizira. A 25 akanapirira zonsezi, koma movutikira, ndipo alamu anga ndi munthu wofufuza. Kukoleji anatiphunzitsa kusankha kapasita poyang'ana magetsi a pa pulani. Palibe anatiuza kuti uyambe wafunsa kuti chipangizocho chikagwiridwa ndi ndani.

Kwa wokonza mawailesi wina pamsikapo ndinapempha kufufuza m'mulu wa zakufa kuseri kwa benchi yake. Mu ampulifaya ina yopsa ndinapezamo makapasita a 35, osatupa, miyendo yawo ikadali yaitali. Ndinawayeza, anali bwino. Koma kukwera kwa nambala ndi kukulanso kwa thupi: aliyense anali wonenepa ngati chala changa chachikulu. Mwini malo anandibwereka kachitsulo kowotcherera ndi mtovu, nkundisiyira ngodya ya benchi.

Sindinasinthe onse. Amene ali kuseri kwa kotsitsa magetsi kaja amaona mavolti 5 okha, kaya kunja kuli chaja kaya dzuwa, ndiye a 16 kumeneko ali pamtendere. Timakapasita tating'ono todutsa mawu tinali kale ta 50. Ofunika kusintha anali a pakhomo ndi ena ochepa okumana ndi magetsi osatsitsidwa. Kotsitsa magetsiko ndinakamangirira kachidutswa ka poto wakale kuti kazitaya kutentha, chifukwa kutsitsa 21 kufika pa 5 ndi ntchito yotulutsa thukuta.

Kenako ndinayesa kutseka. Sichinatsekeke. Ndinawapendeketsa, ndinafupikitsa miyendo, ndinasuntha mawaya, chivundikiro chinkangoyandama pamwamba. Wokonza mawailesi anasuzumira nkuloza ndi sikuludiraiva.

"Chotsani kansanzako, achimwene, malo ndi amenewo. Kapena ndikupatseni bokosi lapulasitiki, ndili nalo lalikulu."

Ndinati bokosi ayi. Amayi aja sankafuna eko ya m'bokosi lina lililonse, ndipo inenso sindinkafuna. Ndinakhala kanthawi ndikuyang'ana msoko wa kathumbako. Unali wa ulusi wakuda pa nsalu yachikasu, chifukwa tsiku limenelo wachikasu unali utamuthera, ndipo ndinamuseka nazo. Batire limene linali m'katimo linali lomaliza kuikamo iye, lakufa kalekale. Palibe amene akanadzagulanso lina. Ndinakanyamula ndi zala ziwiri, kanatuluka mosavuta, nkukaika m'thumba la malaya. Makapasita awiri aja anagona m'malomo ngati anawayezera. Chivundikiro chinati tswii, nkutsekeka.

Mawu akuti BATIRE YOKHA ndinawapala ndi mpeni. Panalibe chifukwa chosiyira lamulo limene silidzasungidwa.

Nditabwerera, alamu anachitembenuza uku ndi uku, anachiyeza kulemera m'dzanja.

"Mwaikamo a nambala yanji?"

"35."

"Eee! Kuchoka pa 16? Ndiye chizimveka mpaka ku Kasinje."

"Chizimveka chimodzimodzi, alamu."

"Nanga mwavutikiranji?"

"Kuti inu muzilumikiza zimene mukufuna."

Anandiyang'ana kuti aone ngati ndikuwanyoza. Inenso sindinkadziwa.

Tsiku lovundukula chiliza anthu anadzaza kumanda ndi m'njira yomwe. Abale anga anatsika kuchokera ku Champiti ndi matumba a mbatata. Batire, monga mwa masiku onse, inali itatopa mwambo usanayambe, ndipo ndinaona alamu akutsamiritsa sola pa mpando, akutenga timano tanga tiwiri nkulumitsa pa mawaya ake, dzuwa lili pamutu. Anandiyang'ana, nkukweza chala chachikulu. Manja anga ndinawaika m'matumba. Abusa anapemphera, amalume anachotsa nsalu pa chiliza, ndinawerenga dzina lake pamwalapo kamodzi, sindinabwerezenso.

Mayi uja anayamba nyimbo. Ndinkamvetsera ngati mmisiri, kudikira phu. Vesi yoyamba inatha, kolasi inatha. Pa vesi yachiwiri mayiyo anawerama, osasiya kuimba, nkupotokola kabatani pang'ono kuchoka pa kadontho, chifukwa iye amaimba mofulumirirapo ndipo eko inkamupinga. Phazi langa linasuntha lokha. Ndinalibweza. Anali ndi chifukwa, nyimbo inamveka bwino. Anaimba mpaka kumapeto, anawonjezera ina, kenako ina, ndipo chitini chinangofunda pang'ono ngati kapu ya tiyi.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, tinakhala pabwalo la apongozi, abale anga mbali ina, eni mudzi mbali ina. Amalume ananena mawu awo mwachidule. Anati ndinasunga mwana wawo bwino, ndinamulira bwino, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndine womasuka. Akulu a kwathu anathokoza. Ine ndinawomba m'manja mwaulemu monga zimafunikira. Atafunsa ngati pali katundu wa malemu amene ndikufuna kutenga, ndinati palibe, chitini chikhale cha kwaya.

Alamu anandiperekeza mpaka pamsewu atandinyamulira chikwama. Minibasi itaonekera patali anakhosomola.

"Alamu. Ndizikuitananibe choncho, zosudzulazo ndi za akuluakulu."

"Chabwino, alamu."

"Pali mnzanga wina ali ndi batire ya lole. Akuti ndi ya 24."

Ndinatseka maso. Ndinawerengera: ikakhuta, mwina 28. "Chipirira. Koma muzichiika pamthunzi."

"Nanga jenereta?"

"Mukachilumikiza ku jenereta, alamu, ndidzabwera ndekha kudzakumangirirani pa mtengo wa mango uja ndi waya womwewo."

Anaseka mpaka kutsamira pa ine, kenako kusekako kunasanduka china, ndipo tinaima choncho mpaka kondakitala anatikalipira.

Chichokereni kumeneko sanandiimbirepo za chitini. Ndimamva kwa anthu kuti chikugwirabe ntchito, chinakaimba ku ukwati ku Sharpevale, ndipo mwina chalawa kale batire ya lole. Ndinasankha bwino ulendo uno, palibe chimene angachichite. Kathumba kachikasu kali m'mbale ija ya masingano, pawindo. Lamulungu masana, nthawi imene mapemphero amatha kuchigwa, ndimapezeka ndaika foni patebulo, ndipo siilira.